Timu ikagulitsidwa, ochemerera amatsala ndi chiyani? Zinthu 9 zodabwitsa

Kuno ku Nkholongue, m'mbali mwa nyanja kummwera kwa Metangula ku Mozambique, madzi saundana ngakhale mwera utakalipa chotani mwezi wa Julaye. N'chifukwa chake masewero a ice hockey ndi achilendo kwa ife. Amasewerera pa bwalo la madzi oundana, anthu 6 mbali iliyonse, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, ndipo amakankha kamphira kakuda kolimba ndi ndodo zopindika kumapeto. Koma nkhani imene imavutitsa masewerowa ku Canada ndi ku America, yonyamula timu yovutika n'kukaitula mu mzinda wina, idafika kale kwathu kuno kummwera kwa Africa, ndipo idakhudza anyamata athu a ku Mozambique ndi ku Malawi.

1. Mu ligi yaikulu ya ice hockey timu siituluka ngakhale itagonja chaka chonse

Ligiyi imatchedwa NHL ndipo ili ndi matimu 32, asanu ndi awiri ku Canada, otsalawo ku America. Ife tidazolowera kuti timu ikathera kunsi kwa ligi imatsika, ina n'kukwera kuchokera m'chigawo. Kumeneko zimenezo kulibe. Malo a mu ligi ndi katundu wa mwini timu, ndipo palibe timu ya m'tauni yaing'ono imene ingalowemo chifukwa chopambana pa bwalo. Polowera ndi ndalama basi. Choncho timu ikayamba kuluza ndalama, funso silikhala lakuti itsika liti, limakhala lakuti ndi mzinda uti umene uigule. Zonse zimene zili m'munsimu zimachokera pamenepa.

2. Timu ya masewero a pa madzi oundana idakhala zaka 28 m'chipululu

Mu 1996 timu ya Winnipeg Jets idachotsedwa ku Winnipeg, mzinda wozizira koopsa ku Canada kumene ana amaphunzira kutsetsereka pa ayezi asanayambe sukulu, n'kupita nayo ku Phoenix m'chigawo cha Arizona, dziko la mchenga ndi dzuwa loswa mtengo. Idapatsidwa dzina loti Coyotes. Akuluakulu a ligi ankaona kuti kummwera kwa America kuli anthu ambiri, makampani ambiri ndiponso ndalama za pa kanema.

Zinthu sizidayende monga ankaganizira. Mu 2009 mwini wake adalengeza kuti timu yagwa ndi ngongole, ndipo ligi yeniyeniyo idaitenga n'kumaiyendetsa mpaka 2013. Khonsolo ya mzinda wa Glendale, kumene kunali bwalo lake, idavomera kupereka madola 25 miliyoni pa chaka kwa zaka ziwiri kuti timuyo isachoke. Zimenezo zinali ndalama za msonkho wa anthu, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe malamulo a masewerowo. Mu 2022 mgwirizano wa bwalo udatha, timu n'kukabwereka kabwalo ka pa yunivesite kotchedwa Mullett Arena, kolowa anthu osakwana 5,000, pamene matimu anzake amasewera m'mabwalo a anthu oposa 15,000. Mu Meyi 2023 anthu a mu mzinda wa Tempe adafunsidwa kudzera mu voti ngati angalole kuti pamangidwe bwalo latsopano, ndipo adakana.

Mu Epulo 2024 osewera onse ndi aphunzitsi awo adaperekedwa kwa Ryan Smith ndi mkazi wake Ashley a ku Salt Lake City, m'chigawo cha Utah, pa mtengo wa madola 1.2 biliyoni. Timu imene inkataya ndalama chaka ndi chaka idagulidwa pa mtengo umenewo chifukwa chimene ankagula sichinali kupambana kwake, chinali mpando wake mu ligi yotsekedwa ija. Lero ikutchedwa Utah Mammoth.

3. Mzinda wa Atlanta udalandidwa timu kawiri

Atlanta Flames idapita ku Calgary mu 1980. Atlanta Thrashers idapita ku Winnipeg mu 2011, n'kutenga dzina lakale lija la Jets. Anthu a ku Winnipeg, amene adakhala zaka 15 opanda timu, adagula matikiti 13,000 a chaka chonse m'masiku ochepa chabe, ndipo amene adaikidwa pa msika wa aliyense adatha m'mphindi 17.

4. Quebec idataya timu chikho chili pakhomo, kenako idamanga bwalo limene likudikirabe

Iyi ndi imene imandiwawa kwambiri. Quebec Nordiques inali ndi ochemerera odzaza bwalo, ndipo mu 1995 inali pakati pa matimu amphamvu zedi mu ligi. Koma mzindawo ndi waung'ono, bwalo linali lakale, ndipo dola ya ku Canada inali itafooka pamene osewera ankalipidwa madola a ku America. Aliyense wogulitsa nsomba mu meticais kapena mu kwacha koma injini ya boti n'kumaigula pa mtengo wa dola akudziwa mmene zimenezi zimapwetekera. Timuyo idagulitsidwa ku Denver, n'kukhala Colorado Avalanche, ndipo chaka chotsatira chomwecho, mu 1996, idatenga Stanley Cup, chikho chachikulu cha masewerowa. Osewera amene anthu a ku Quebec adawapirira pa zaka zogonja adakakweza chikho pamaso pa anthu ena.

Mu 2015 mzinda wa Quebec udatsegula bwalo latsopano, Centre Vidéotron, lolowa anthu oposa 18,000, lomangidwa ndi ndalama za boma, poyembekeza kuti ligi iwabwezera timu. Mu 2016 ligi idasankha Las Vegas. Pambuyo pake idasankha Seattle. Bwalo lija lilipobe, mukuchitika madansi ndi masewero a achinyamata.

5. Wosewera wina adasandutsa malipiro ake osaperekedwa kukhala umwini wa timu

Pittsburgh Penguins idagwa ndi ngongole mu 1998, ndipo panali mantha akuti isamutsidwa kapena ithetsedwa. Mmodzi wa anthu amene timuyo inali nawo ngongole yaikulu anali katswiri wake Mario Lemieux. M'malo molimbikira kuti apatsidwe ndalama zake, mu 1999 adasandutsa gawo lalikulu la ngongoleyo kukhala masheya, adapeza anzake othandizana nawo, n'kuigula. Timu idakhalabe ku Pittsburgh ndipo idatenganso Stanley Cup mu 2009, 2016 ndi 2017.

6. Mozambique ndi dziko la hockey, koma ya pa mateyala

Achinyamata ambiri a kuno ku Lago sadziwa zimenezi. Hockey yosewera atavala nsapato za timateyala, imene pa Chipwitikizi amati hóquei em patins, idazika mizu ku Maputo kuyambira nthawi ya atsamunda. Timu ya Desportivo ya ku Lourenço Marques, dzina la Maputo pa nthawiyo, idatenga ligi ya dziko la Portugal katatu, mu 1969, 1971 ndi 1973, kugonjetsa matimu a ku Lisbon ndi ku Porto. Ndipo mu 2011, pa mpikisano wa dziko lonse ku San Juan m'dziko la Argentina, Mozambique idathera pa nambala 4, kumbuyo kwa Spain, Argentina ndi Portugal. Ndi masewero ochepa kwambiri amene mbendera yathu idafikapo pamwamba chotero. Chondidandaulitsa n'chakuti masewerowa adakhazikika ku likulu, ndipo mwana wa ku Niassa amakula osaonako ndodo yake.

7. Matimu atatu amene Dominguês adasewerako ku South Africa salinso mu ligi

Ku South Africa matimu amatsika ndi kukwera monga kwathu kuno, koma malamulo amalola munthu kugula mpando wa timu ina mu ligi yaikulu, kusintha dzina, n'kupita nawo kumene afuna. Onani zimene zachitikira matimu a Elias Pelembe, amene tonse timamudziwa kuti Dominguês, mtsogoleri wa Mambas, timu ya dziko la Mozambique, kwa zaka zambiri.

Adatchukira ku SuperSport United, imene idatenga ligi katatu motsatizana kuyambira 2008 mpaka 2010. Timuyo idagulitsidwa mu 2025. Adasewera ku Bidvest Wits, kumene mu 2017 adatenga ligi limodzi ndi Gabadinho Mhango wa ku Malawi, mphunzitsi ali Gavin Hunt. Wits idakhazikitsidwa mu 1921 pa yunivesite ya ku Johannesburg, ndipo mu 2020, patatsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100, mpando wake udagulitsidwa kwa eni timu ya Tshakhuma Tsha Madzivhandila ya ku Limpopo. Adaseweranso ku Royal AM, imene idachotsedwa mu ligi mu 2025. Pa matimu aakulu amene adavalako yunifolomu yawo kumeneko, Mamelodi Sundowns ndiyo idakalipo monga inalili.

Mpando wa Wits uja sudakhazikike. Pasanathe chaka udagulitsidwanso kwa Abram Sello, timuyo idatenga Nedbank Cup mu 2021, kenako idasinthidwa dzina kukhala Marumo Gallants. Mu 2023 idafika ndime ya matimu anayi omaliza mu CAF Confederation Cup koma chaka chomwecho idatsika mu ligi. Mu 2024 mwini wake adangogula mpando wa Moroka Swallows, timu yakale ya ku Soweto, n'kubwereranso. Ine ndimaona kuti pamenepa mpira walakwiridwa. Ngati timu yotsika ingathe kubwerera ndi cheke, ndiye anyamata amene amakhetsa thukuta chaka chonse m'ligi yaing'ono kuti akwere akuvutikira chiyani?

8. Mphunzitsi wa ku Malawi adasamuka pamodzi ndi timu

Bloemfontein Celtic, ya mizeremizere yobiriwira ndi yoyera, inali nyumba ya Amalawi kwa nthawi yaitali. Ernest Mtawali adawala kumeneko m'zaka za m'ma 1980, pa nthawi imene timuyo idatenga Mainstay Cup mu 1985. John Maduka adakhala kaputeni wake, pambuyo pake mphunzitsi. Gabadinho Mhango adayambira pomwepo atachoka ku Bullets. Ochemerera ake, otchedwa Siwelele, ankadziwika m'dziko lonselo chifukwa choimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, timu ikupambana kapena ikugonja.

Mu Ogasiti 2021 timuyo, itapanikizika ndi mavuto a ndalama, idagulitsidwa kwa mayi wamalonda Shauwn Mkhize wa ku KwaZulu-Natal, n'kusanduka Royal AM. Maduka adapita nayo limodzi ndipo chaka choyambacho adaifikitsa pa nambala 3 mu ligi. Luso la osewera ndi la mphunzitsi lidasamuka bwinobwino. Oimba aja adatsala ku Bloemfontein opanda timu yoiimbira. Pasanathe zaka zinayi Royal AM idagwa m'mavuto a msonkho, idalephera kusewera masewero ake, ndipo idachotsedwa. Mu 2025 amene adagula SuperSport United ija adaipatsa dzina loti Siwelele, kuti akope mitima ya anthu a ku Bloemfontein. Choncho bala la mzinda umodzi adafuna kulipoletsa pochotsa timu ya mzinda wina, Pretoria.

9. Kwathu kuno dzina limasintha, kampani imagwa, koma timu kawirikawiri imakhala pomwepo

Tsidya la nyanja, ku Malawi, Bullets yakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, ndipo Wanderers yavalapo maina a Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Othandiza ndi ndalama amabwera n'kupita, koma onsewo ndi matimu a ku Blantyre, ndipo munthu amene angayese kunyamula Maule (Bullets) kapena Manoma (Wanderers) kupita nawo mzinda wina angakumane ndi moto. Vuto la kumeneko ndi lina: timu yodalira kampani imodzi imatha kufa kampaniyo ikagwa, monga idathera MDC United.

Kuno ku Mozambique, Textáfrica ya ku Chimoio ndiyo idatenga ligi yoyamba ya dziko lodzilamulira mu 1976, ikuphunzitsidwa ndi Mário Coluna. Fakitale ya nsalu imene idabereka timuyo idatsekedwa, koma timu idatsala ku Chimoio, kutsika ndi kukwera. Maxaquene, imene Eusébio adakulirako idakali kutchedwa Sporting de Lourenço Marques, idatsika mu Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, mu 2019, ndipo sidagule mpando wa wina aliyense kuti ibwerere. União Desportiva do Songo, ya m'katauni ka pa damu la Cahora Bassa ku Tete, idatenga ligi mu 2017, 2018 ndi 2022. Ndipo Ferroviário de Lichinga idalowa mu Moçambola podzera m'mipikisano ya chigawo cha kumpoto, n'kuyamba kulandira matimu a ku Maputo ndi ku Beira pa bwalo la 1º de Maio mu 2021. Pa malamulo a NHL, Lichinga ndi Songo sakadaganiziridwa n'komwe.

Chimene chimaopseza timu ya ku Niassa ndi mtunda. Kuchokera ku Lichinga kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 2,000, choncho Moçambola imayenda pa ndege, ndipo m'zaka zaposachedwa ligi yaimapo chifukwa cha ndalama za matikiti a ndege. Nthawi iliyonse vutoli likabuka, pamamveka maganizo oti ligi igawidwe m'zigawo kuti maulendo achepe. Zikatero palibe amene adzanyamule timu yathu kupita nayo kwina, koma matimu a kummwera monga Costa do Sol ndi Black Bulls adzasiya kutera ku Lichinga, ndipo mnyamata wa ku Nkholongue amene amakwera chapa ku Metangula kukaonera mpira ku Lichinga adzakhala akuonera matimu a ku Nampula ndi ku Pemba okhaokha chaka chonse.