Golf ya Alamu Inakumbuka Kuti Ili ndi Matayala Anayi

Alamu anga atabwera kuchokera ku Joni ndi Golf 7 R yabuluu, ife a ku Mongue tinaimva tisanaione. Zaka 7 akumata matailosi m'nyumba za eni ku Johannesburg, thukuta lonse analithira pa galimoto imeneyi, ndipo aliyense woima pafupi ankauzidwa zomwezo: "Iyi imakoka ndi matayala onse anayi. Matope ikawaona imaseka."

Mvula ya mu Januwale inabwera kudzafuna umboni. Padambo lolowera kwathu, pomwe akabaza amadutsa ndi thumba la chimanga pakaliyala, Golf inatitimira. Matayala akutsogolo ankangopota, kumwaza matope mpaka pamwamba, akumbuyo ali duu ngati alendo pa mlandu wa eni. Anyamata a pamsika anaikankha, alamu anapisa m'thumba. Mawa lake chimodzimodzi. Mwezi usanathe galimoto inali italandira dzina, ndipo ikangomveka patali ana ankathamanga akukuwa: "Ganyu wabwera!" Achemwali anga, omwe pakamwa sipachedwa, anangoti, "Bambo a mwana, ndalama zimenezi bwenzi mutagula ngolo, ng'ombe sizititimira."

Chozunguza mutu n'chakuti padeshibodi panalibe getsi lililonse lodandaula. Pa tala wa Milange kupita ku Mocuba inkauluka bwinobwino. Makaniko wina anati ndi giyabokosi, wina anati matayala ndi a m'tauni. Agogo anati vuto lili pamudzi pompano, anthu sakondwa mwana wa mnzawo akatukuka. Alamu anaiimika pansi pa mtengo wamango n'kuyamba kukwera kabaza, chipewa atachitsitsira kumaso.

Ndine ndinawakakamiza kuti tioloke pa Muloza, tikaionetse ku Limbe. Mnyamata amene tinampeza analumikiza kompyuta, kenako anagona chagada pansi pa galimoto.

"Bwana, oyilo wa Haldex munasintha liti?"

"Oyilo ndimasintha pa nthawi yake."

"Ameneyo ndi wa injini. Ndikunena wa kumbuyo kuno."

"Kodi kumbuyoko kulinso oyilo wake?"

Apa mpamene tinaphunzira zomwe wogulitsa sanawauze. Masiku onse galimoto yotereyi imakoka kwambiri ndi matayala akutsogolo. Kumbuyo, pafupi ndi difu, kuli kabokosi kokhala ndi mapuleti a kalachi osambira mu oyilo, ndi kapampu kamagetsi. Kompyuta ikaona kuti pakufunika mphamvu, kapampuko kamakankha oyilo, oyilo n'kufinya mapuleti, mapuleti n'kugwira, matayala akumbuyo n'kuyamba kukoka nawo. Pampu ikafa, galimoto imayendabe, koma ndi miyendo iwiri. Nzeruyi inachokera ku kampani ya Haldex ya ku Sweden, inayamba kuoneka mu 1998 pa Golf ndi Audi TT, ndipo mu 2011 gawo limeneli linagulidwa ndi BorgWarner. Mtundu wachisanu, womwe uli pa Golf 7, ulibe fyuluta yosintha ngati mitundu yakale. Uli ndi kasefa kokha kukamwa kwa pampu. Ine ndimati amene anaganiza zimenezi sanapondepo ku Zambezia.

Anamasula mabawuti awiri n'kusolola pampu, kanthu kosaposa nkhonya. Kasefa sikankaoneka n'komwe. Kanali katamatidwa ndi zinthu zotuwa, zonanda ngati phala logona, zomwe ndi fumbi la mapuleti losakanikirana ndi oyilo wakale. Anapala ndi chala n'kuwaonetsa alamu pafupi ndi mphuno. Pampu inakhala ikuyamwa pouma mpaka mota wake anapsa. Oyilo yense wa m'menemo sakwana ndi lita imodzi, ndipo amayenera kusinthidwa zaka zitatu zilizonse, kasefa n'kutsukidwa. Anatilozeranso mapulagi: a Haldex ndi a difu ali moyandikana, moti wosadziwa amakhetsa oyilo wa difu n'kuthira watsopano mu Haldex, difu n'kutsala youma.

Pampu ina inachokera ku Joni pa basi. Tinadikira sabata ndi masiku, alamu akuyang'ana foni ngati munthu woyembekezera uthenga wa ku chikuta. Itafika, mnyamata uja anaiika, anathira oyilo wakewake wa Haldex, anailiza ndi kompyuta kuti oyilo azungulire, n'kuwonjezera pang'ono. Pansi pa galimoto panamveka kaphokoso konga ka njuchi. Alamu anagwada n'kutchera khutu, kumwetulira mpaka m'makutu.

Tinabwerera mvula itagwa usiku wonse, phiri la Tumbine litafunda mitambo. Padambo tinawapeza eni ake a ganyu atapinda kale mathalauzi, wina akulavulira m'manja. Alamu anaima, anatsitsa galasi, anawalonjera mwaulemu ngati ali pa chinkhoswe, n'kuponda mafuta pang'onopang'ono. Ndinamva kumbuyo kukugwira, ngati munthu wakukankha pamsana. Matayala onse anayi analuma dothi, Golf inatuluka tsidya lina osapota n'kamodzi komwe. Mimba yake inakhula pansi, inde, pakuti kufupika sikuchiritsidwa ndi pampu, koma alamu sanamve zimenezo. Anatembenuka, anaolokanso kubwerera, n'kuolokanso kachitatu, lipenga akuliza. Amayi ena amene ankachokera kumunda anatula khasu n'kululutira. Agogo anati mankhwala a ku Limbe ndi amphamvu.

Tsopano achemwali amakhala kutsogolo, chitenje chatsopano, dzanja lili pawindo. Alamu analemba tsiku losintha oyilo ndi makala pakhoma la kukhitchini, ndipo aliyense wobwera kudzacheza amaonetsedwa pampu yakale, yomwe aisunga m'chitini pamwamba pa kabati. Dzina lija ndiye lakana kuchoka. Dzulo ku msika mmodzi wa anyamata aja anandikokera pambali n'kufunsa monong'ona: "Achimwene, kapampu kameneka kamatha zaka zingati?"