Kusankha njinga yoyenera mapiri a Dowa ndi Ntchisi

DOWA — Ngakhale njinga zamoto zachuluka m'misewu ya dziko lino, njinga yakapalasa idakali mwendo wa ogwira ntchito m'boma ambiri a kumidzi, monga alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, aphunzitsi komanso amithenga a mafumu. M'maboma a Dowa ndi Ntchisi, komwe zitunda ndi mitsetse zimasinthana ulendo wonse, njinga yosankhidwa molakwika imatha msanga ndipo anthu oyembekezera thandizo la boma amakhala akudikira mlangizi amene safika.

Malinga ndi kalembera wa 2018, boma la Dowa linali ndi anthu oposa 770,000 pomwe la Ntchisi linali ndi anthu oposa 310,000. Ambiri mwa anthuwa amakhala m'midzi yofikako kudzera m'misewu yafumbi ndi tinjira tamapazi, makamaka kum'mawa kwa maboma awiriwa, monga kwa Chiwere ndi Msakambewa ku Dowa komanso kwa Nthondo ndi Kasakula ku Ntchisi, komwe dziko limayamba kutsetsereka kulowera kunyanja. Kumadzulo, cha ku Mponela ndi Madisi, dziko ndi lachidikha ndipo kupalasa n'kosavuta kwenikweni. Izi zikutanthauza kuti njinga imene ikutumikira bwino mphunzitsi wa ku Madisi ikhoza kukhala mtolo kwa mlangizi wa kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi.

Njinga zopezeka pamsika zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la njinga zakuda zija anthu anazizolowera kalekale, zamatayala a mainchesi 28 ndi giya imodzi, zomwe zambiri zimachokera ku India ndi China. Ubwino wake ndi wakuti zipangizo zake zimapezeka pafupifupi pamsika uliwonse ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amazidziwa. Kuipa kwake ndi kulemera pachitunda komanso mabuleki a tizitsulo omwe sagwira bwino limu ikanyowa.

Gulu lachiwiri ndi la njinga zamagiya, zomwe zambiri zimafika m'dziko muno zitagwirapo kale ntchito kunja. Njingazi zimakwera chitunda mopepuka, koma zimafuna chisamaliro chochuluka. Fumbi ndi matope zikalowa m'magiya, tcheni chimayamba kudumpha, ndipo chipangizo chimodzi chikathyoka mwini wake akhoza kukachipeza ku Lilongwe kokha. Zambiri mwa njingazi sizinapangidwire katundu wolemera.

Gulu lachitatu ndi la njinga zolimbitsidwa dala kaamba ka misewu ya kumidzi, monga za Buffalo zomwe zimapangidwa ndi bungwe la World Bicycle Relief lomwe linakhazikitsidwa mu 2005. Kaliyala wa njinga imeneyi anapangidwa kuti azinyamula katundu wofika makilogalamu 100. Mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo payokha njingayi imalemera makilogalamu oposa 20, zomwe wokwera phiri amazimva m'miyendo.

Posankha pakati pa magulu atatuwa, chinthu choyamba kuchiganizira m'dera lamapiri ndi mabuleki, chifukwa chitunda chimangotopetsa pomwe mtsetse umapha. Munthu wonyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50 amafuna mtunda wautali kuti aime kuyerekeza ndi amene alibe katundu. Njinga iyenera kukhala ndi mabuleki akutsogolo ndi akumbuyo omwe, onse ogwira. Buleki ya mtundu wopondera mapedulo cham'mbuyo siopa mvula, koma imatentha pamtsetse wautali, choncho si bwino kuidalira yokha. Chizolowezi chokhwekhwereza nsapato patayala m'malo mogula labala watsopano wa buleki n'kuika moyo pachiswe.

Chachiwiri ndi kulemera kwa kapalasidwe. Anthu ambiri sadziwa kuti njinga ya giya imodzi ingathe kupepukitsidwa pamtengo wochepa. Kagudumu kamano ka kumbuyo komwe tcheni chimazungulirapo kakasinthidwa n'kuikapo kamano ambiri, mwachitsanzo 22 m'malo mwa 18, njinga imathamanga pang'ono pachidikha koma imakwera chitunda popanda kutsikapo pafupipafupi. Nthawi zina pamafunika kuonjezerako tcheni pang'ono.

Chachitatu ndi magudumu. Masipoko osamangika mofanana amapinditsa limu, ndipo njinga yatsopano imafunika kuibwezera kwa makaniko patatha masabata ochepa kuti akakungenso masipoko, kumanga manati ndi kuthira girizi. Njinga zambiri zimafika m'sitolo zili zidutswazidutswa, kotero kuti ubwino wake umadalira kwambiri luso la amene anailumikiza. Apa mpamene wogula ayenera kupita ndi munthu wodziwa, pakuti safunsa anadya phula.

Chachinayi ndi msinkhu. Wokwera akakhala pachishalo, mwendo wake uzitsala pang'ono kuwongoka pamene pedulo ili pansi. Felemu yokhala ndi chitsulo chopingasa pamwamba imavuta amayi ovala chitenje kapena siketi, zomwe maofesi ogula njinga zambiri nthawi imodzi ayenera kukumbukira popeza alangizi ndi anthu odzipereka ambiri m'midzi ndi amayi.

Koma ngakhale njinga itakhala yabwino chotani, mavuto ena amayamba wopalasa akafika patala. Msewu wa M1, womwe umadutsa pa Mponela ndi Madisi, ndiwo umalumikiza Lilongwe ndi chigawo cha kumpoto, ndipo mumadutsa mabasi, mathanki a mafuta ndi mathiraki a katundu. M'nyengo yogulitsa fodya, yomwe kawirikawiri imayamba mu Epulo, malole opita ku Kanengo amaonjezera piringupiringu. Pamalo azamalonda, m'mbali mwa msewu momwe wanjinga akanadutsa mumadzaza ogulitsa malonda, maminibasi oima paliponse ndi akabaza odikira makasitomala. Wopalasa amakakamizika kulowa pakati pa msewu, kenaka hutala ya galimoto imamuthamangitsira kuchigumula cha m'mphepete mwa tala komwe tayala limapindika kapena kuphulika.

Mu 2022 boma linakhazikitsa ntchito yokonzanso ndi kukuza msewuwu kuyambira pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto, ndi thandizo la European Investment Bank komanso European Union. Msewu wotakata umapatsa wanjinga malo, koma msewu wosalala umachititsanso oyendetsa galimoto kuthamanga kwambiri, choncho kusamala kumafunikabe mbali zonse.

Wanjinga ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito msewu, ndipo ali ndi udindo ngati wina aliyense. Ayenera kuyenda kumanzere, kupereka chizindikiro ndi mkono asanakhote, ndi kupewa kunyamula katundu wopingasa monga malata kapena matumba a makala otulukira mumsewu. Usiku kapena kukachita nkhungu, monga zimakhalira m'mapiri a Ntchisi m'miyezi ya Juni ndi Julayi, njinga yopanda nyali ndi zonyezimira imaoneka galimoto itafika kale pafupi. Oyendetsa galimoto, kuphatikizapo za boma, ayenera kuchepetsa liwiro pamisika ndi kusiya mpata wokwanira popitirira njinga.

Kwa akuluakulu a m'makhonsolo ndi m'maunduna, phunziro lalikulu ndi lakuti ntchito sithera pamwambo wogawa njinga. Matayala, machubu, matcheni ndi malabala a buleki zimatha, makamaka m'nyengo yamvula kuyambira Novembala mpaka Epulo. Ngati ndondomeko ya zachuma ilibe gawo lokonzetsera, wogwira ntchito wa malipiro ochepa amayenera kutapa m'thumba mwake, ndipo akalephera njinga imatsamira khoma mpaka kuchita dzimbiri. N'kofunika kuti asanaitanitse njinga, maofesi azifunsa amene adzazikwere za mtunda omwe amayenda, katundu amene amanyamula ndi msika wapafupi womwe angapezeko zipangizo.

Mu 2018 bungwe la United Nations linasankha 3 Juni kukhala tsiku lokumbukira njinga padziko lonse. Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi angathe kugwiritsa ntchito tsikuli powerenga njinga za boma zomwe zikuyenda, zomwe zinafa komanso ndalama zofunika kuti zibwererenso pamsewu.