Miyala ya m'njira ya ndulu: tichotse kapena tisiye?



Zimachitika kuti munthu wakajambulitsa m'mimba pa chifukwa china, kaya ku Mzimba District Hospital, ku Embangweni kapena ku Joni kumene kuli abale athu ambiri, dokotala n'kunena kuti waona timiyala ta ndulu. Mwiniwake sakumva kupweteka kulikonse. Atani?

Choyamba funsani kuti mwalawo uli pati. Chiwindi chimapanga ndulu, imene imasungidwa m'kathumba, kenako n'kutsikira m'matumbo kudzera m'kanjira kopapatiza kukathandiza kugaya mafuta. Miyala yokhala phee m'kathumbako madokotala amaisiya, chifukwa eni ake ambiri amakalamba nayo osadwala.

Mwala wa m'kanjira ndiye wina. Ukatseka, ndulu imabwerera m'magazi, tizilombo timaswana, ndipo chiwalo chotchedwa pancreas chingatupe. Ku Sweden, kafukufuku wa 2014 anapeza kuti mwa anthu amene miyala yotereyi inasiyidwa, mmodzi mwa anayi alionse anadzapeza vuto. N'chifukwa chake malangizo a madokotala a ku Europe a 2019 amati ichotsedwe, kaya ikupweteka kaya ayi, bola munthuyo ali ndi mphamvu.

Koma kuchotsako si kuzula munga. Amalowetsa kapaipi ka kamera kukamwa mpaka m'matumbo, njira yotchedwa ERCP, kapena amachita opaleshoni. ERCP yomweyo imatupitsa pancreas mwa anthu angapo pa 100 alionse, pomwe timiyala tina tating'ono timatuluka tokha. Choncho kwa agogo ofooka, a nthenda ya mtima, dokotala anganene kuti tidikire. Ophunzira a fiqh mukudziwa kuti zoipa ziwiri zikakumana timasankha chocheperako. Koma wopima kulemera kwake pano ndi dokotala, osati shehe, ngakhalenso ine.

Amene wauzidwa kudikira, kwao kukakhala kutali ngati ku Jenda kapena ku Khosolo, aganizire za mayendedwe pasadakhale, poti angatumizidwe ku Mzuzu Central Hospital. Maso akachita chikasu, mkodzo n'kuda, thupi kutentha ndi kunjenjemera, komanso kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, musagule mankhwala a malungo pagolosale. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mu Ramadhan. Surat Al-Baqarah imalola wodwala kumasula swaumu, n'kudzabweza masikuwo akachira.