Mbaula za gasi za pachumuni: phindu lilipo, koma kuika n'kwa mmisiri

Nyengo yozizira ikamayandikira, mashopu a ku Johannesburg amadzaza ndi mbaula zotenthetsera m'nyumba. Pakati pa katunduyu pali mtundu wina umene umakopa amalonda opita kukaoda ku Joni: mbaula ya gasi yoikidwa pamalo osonkhapo moto a pabalaza, kunsi kwa chumuni. Pamwamba pake pamakhala zikuni zoumba zimene zimaoneka ngati nkhuni zenizeni koma sizipsa. Moto umatuluka m'chitsulo cha mabowo chimene chimakhala pansi pa zikunizo.

Kuno ku Malawi msika wake ndi wochepa, komabe ulipo. Ogula ndi eni malo ogona alendo komanso eni nyumba zokhala ndi chumuni ku Zomba, Dedza, Mulanje ndi Mzuzu, kumene chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimaluma. Vuto n'lakuti katunduyu sali ngati ketulo yongolumikiza n'kuyamba kugwiritsa ntchito. Akagulitsidwa kwa munthu wolakwika kapena kuikidwa molakwika, amabwezedwa ali wakuda ndi mwaye, mpamba n'kulowa m'madzi. Choopsa kuposa pamenepo, angathe kupha banja lonse lili m'tulo.

Funso loyamba: gasi wake ndi uti?

Mbali zina za Johannesburg nyumba zimalandira gasi wa m'mapaipi kuchokera ku kampani ya Egoli Gas. Gasi ameneyu ndi wosiyana ndi LPG, wa m'masilinda, amene ndiye amapezeka ku Malawi. Mbaula yopangidwira gasi wa m'mapaipi ili ndi tibowo tokulirapo, choncho ikalumikizidwa ku silinda imatulutsa malawi aakulu, mwaye ndi mpweya wapoizoni. Wooda ayenera kuwerenga kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pambaulapo, n'kuona kuti palembedwa LPG. Ku South Africa kulinso ndondomeko yotsimikizira zipangizo za gasi ya bungwe la LPGSA, ndipo katundu wovomerezeka amakhala ndi nambala ya chilolezo. Wopanda nambalayo, kapena wopanda kabuku ka malangizo, ngakhale atatchipa chotani, ndi bwino kumusiya pashelefu.

Mitundu iwiri, makasitomala awiri

Mtundu woyamba umafuna chumuni chotseguka. Malawi ake ndi achikasu, okongola ngati a nkhuni, koma utsi wake uyenera kutulukira kunja. Chitseko cha mkati mwa chumuni chimamangidwa ndi kachitsulo kuti chisatsekekenso. Kuipa kwake n'kwakuti kutentha kwambiri kumathawira kumwamba pamodzi ndi utsiwo, motero ndi mbaula ya munthu wofuna kukongoletsa balaza kuposa wofuna kufunda.

Mtundu wachiwiri sufuna chumuni. Kutentha pafupifupi konse kumatsala m'nyumba, koma mpweya umene moto watulutsa umatsalanso momwemo. N'chifukwa chake mbaula zoterezi zimakhala ndi kachipangizo kotchedwa ODS, kamene kamatseka gasi mpweya wa oxygen m'chipinda ukatsika kuchoka pa 21 kufika pafupifupi 18 pa 100 iliyonse. Zimafuna chipinda chachikulu cholowa mphepo, zimachititsa chinyezi pamawindo ndi m'makoma, ndipo si zoika kuchipinda chogona kapena kubafa.

Choncho wogulitsa wanzeru asanatchule mtengo amayamba wafunsa: chumuni chilipo ndipo chimakoka utsi? Chipindacho n'chachikulu bwanji? Malo osonkhapo motowo ndi aakulu motani m'lifupi, msinkhu ndi kuya kwake? Zikuni zazikulu zopanikizidwa pamalo ang'ono zimatenthetsa valavu mpaka kuiwononga.

Masamu a gasi

Kasitomala aliyense amafunsa kuti silinda idzatha masiku angati, ndipo apa m'pamene ambiri amanamizira kuti agulitse. Kilogalamu imodzi ya LPG imapereka mphamvu pafupifupi 13 kWh. Mbaula ya 9 kW yotsegulidwa mpaka kumapeto imadya pafupifupi magalamu 700 pa ola, kutanthauza kuti silinda ya makilogalamu 9 imatha m'maola ngati 13. Banja lootha maola atatu madzulo aliwonse silimaliza nayo sabata. Ku Malawi mtengo wa gasi pa kilogalamu umalengezedwa ndi bungwe la MERA, choncho n'kosavuta kumuwerengera wogula ndalama za pamwezi ali pomwepo. Wouzidwa zoona lero sabwera kudzakalipa mawa.

Ntchito yoika

Ku South Africa lamulo limafuna kuti zipangizo za gasi zokhazikika ziikidwe ndi mmisiri wolembetsedwa ku SAQCC Gas, yemwe akamaliza amapereka satifiketi yotchedwa Certificate of Conformity. Popanda pepala limeneli kampani ya inshulansi ikhoza kukana kulipira nyumba ikapsa. Amalawi ogwira maganyu a zomangamanga kumeneko ayenera kulidziwa bwino lamuloli, pakuti bwana akati "tangondilumikizirani", mlandu umadzagwera wolumikizayo.

Mmisiri wodziwa ntchito amayambira kuchumuni. Amachotsa mwaye wa nkhuni zakale ndi zisa za mbalame, n'kuyang'ana ming'alu. Kenako amatseka dzenje lotayira phulusa ngati lilipo. Chifukwa chake n'chakuti LPG ndi wolemera kuposa mpweya wamba: akamadontha sakwera kumwamba, amayenderera pansi ngati madzi n'kukadikha m'maenje, kudikira kamoto kakang'ono. N'chifukwa chakenso mbaula ya LPG iyenera kukhala ndi valavu yotseka yokha moto ukazima.

Silinda siikidwa pafupi ndi motowo. Malamulo a SANS 10087-1 a ku South Africa amati silinda za panja zikhale mita imodzi kuchokera pachitseko kapena pawindo, mamita 2 kuchokera pangalande ndi mamita 5 kuchokera pa zamagetsi zimene zingathethetse moto. Podutsa khoma pamafunika paipi ya kopa, osati yarabala, ndipo pafupi ndi mbaula pamaikidwa potsekera gasi pofikika msanga. Regulator yake ndi ya 2.8 kPa. Polumikizira ponse amapakapo madzi a sopo: pakatuluka thovu ndiye kuti pakudontha. Kuyesa ndi machesi n'kuputa maliro.

Zikuni nazo zili ndi kasanjidwe kake, kojambulidwa m'kabuku. Ambiri amazisuntha kuti zioneke bwino, koma lawi likamagunda chikuni pamalo osayenera moto suyaka mokwanira, ndipo umatulutsa mwaye ndi carbon monoxide. Pambaulapo saponyapo nkhuni, mapepala kapena makala, ndipo saotcherapo chimanga.

Mpweya wosanunkha

Gasi wa m'silinda amathiridwa fungo dala kuti akamadontha amveke. Carbon monoxide alibe fungo ngakhale mtundu. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala atatseka mawindo. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Anthu angapo akadwala chonchi nthawi imodzi, achite kuzimitsa mbaula, kutsegula zitseko, kutuluka panja ndi kuthamangira kuchipatala. Fungo la gasi likamveka, atseke pasilinda, atsegule mawindo, asakhudze switchi iliyonse.

Apa palinso malonda ena. Alamu ya carbon monoxide yoyendera mabatire ndi yaing'ono, yopepuka m'chikwama cha pabasi, ndipo aliyense wogula mbaula amaifuna. Chimodzimodzinso chozimitsira moto, regulator yosinthira ndi mapaipi ovomerezeka.

Wamalonda wofuna kukhalitsa pa bizinesi imeneyi achita bwino kugwirizana ndi mmisiri mmodzi wa ziphaso, kuti mtengo wa mbaula ndi woikira uzitchulidwa pamodzi. Palisiti alembe mtundu wa mbaula, mtundu wa gasi ndi dzina la woikayo, n'kusunga nambala ya kasitomala. Mwezi wa Meyi ukafika amuimbire kumukumbutsa zoyeretsa chumuni ndi kuyesa mapaipi, popeza mbaulazi zimafuna kuonedwa chaka chilichonse chisanu chisanayambe.