Phaudala wa kumaso m'kutentha kwa ku Tete

Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa mu mzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40. Mtsikana wa m'dera la Filipe Samuel Magaia akadziphoda m'mawa, asanafike n'komwe pa mlatho wa Samora Machel thukuta limakhala litayamba kale kusungunula zodzolazo. N'chifukwa chake ambiri amamalizira ndi phaudala wa pamwamba, uja m'masitolo amalemba kuti pó solto ngati ali waufa, kapena pó compacto ngati ali wotsendera m'kabokosi. Ntchito yake ndi kuyamwa mafuta a pakhungu kuti nkhope isanyezimire.

Ogula amayang'ana mtundu ndi mtengo, koma nkhani yonse ili kuseri kwa kabokosi, m'tizilembo tating'ono tija. Mayina oyambirira pamndandandawo ndi a zinthu zimene zachuluka m'phaudalamo.

Kawirikawiri dzina loyamba limakhala talc, mwala wofewa kwambiri womwe amausinja mpaka kusalala. Ndi wotchipa ndipo umaterera bwino pakhungu. Vuto lake lili kumgodi: pena talc amapezeka pamodzi ndi asibesitosi, amene amayambitsa khansa munthu akamamupuma. Kampani ya Johnson & Johnson inasiya kugulitsa phaudala wa ana wa talc ku America ndi Canada mu 2020, kenako padziko lonse mu 2023, n'kuyamba kugwiritsa ntchito sitachi wa chimanga. Mu 2024 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika talc m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wodziphoda adwala ayi. Komabe kukupiza phaudala waufa mpaka kuchita fumbi m'chipinda chotseka, mwana ali pamiyendo, si nzeru.

Mukaona Zea mays starch, musachite mantha ndi Chilatinicho: ndi chimanga chomwechi. Oryza sativa ndi mpunga. Zimenezi zimayamwa chinyezi bwino, kungoti thukuta likachuluka zimatha kuundana. Kaolin ndi dongo loyera, labwino kwa a khungu lamafuta, koma wa khungu louma limamuumitsa.

Kwa ife akhungu lakuda, dandaulo lalikulu ndi kutuwa. Tonse tinaonapo zithunzi za paukwati mkwatibwi nkhope ili mbuu, chonsecho m'tchalitchi ankaoneka bwinobwino. Wolakwa nthawi zambiri ndi silica, yemwe amayamwa mafuta kwambiri koma amabweza kuwala kwa fulashi ya kamera. Titanium dioxide, yemwe amalembedwanso CI 77891, ndi zinc oxide, nawonso ndi oyera ndipo amatuwitsa. Amateteza ku dzuwa pang'ono, inde, koma phaudala amene munthu amapaka ndi wochepa kwambiri moti sangalimbane ndi dzuwa la m'chigwa cha Zambezi.

Chimene chimathandiza phaudala kugwirizana ndi khungu lathu ndi manambala atatu awa: CI 77491, CI 77492 ndi CI 77499, kutanthauza utoto wofiira, wachikasu ndi wakuda wochokera ku chitsulo. Akasowa pakabokosi, yesani kaye phaudalayo pachibwano ndipo mudzijambule ndi fulashi musanatulutse mametikali anu. Mica ndiye amapatsa nkhope kuwala; wa nkhope yamafuta kale angachite bwino kumupewa masana.