Ndege Yotera ndi Gudumu Limodzi

Madzulo ena m'mwezi wa Ogasiti, mphepo ili kuulutsa fumbi ndi masamba ouma a tsanya mumsewu wa Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, tidapatukira ku bwalo lina laling'ono la ndege, ndipo tidaona kandege kagudumu la kumchira kakutsika chopendekeka, phiko limodzi lili chozolika, n'kugunda pansi ndi gudumu limodzi lokha. Bambo wina wachikulire adandigwira mkono nati, "Taonani achimwene, woyendetsayu waledzera ndithu."

Mawu amenewa adandiwawa, pakuti chimene bamboyo adachiyesa kuledzera ndicho luso lenileni, limene ankadalira oyendetsa ndege za Dakota ndi Beaver za Central African Airways, kampani imene idayamba mu 1946 n'kumatera ku Barotseland ndi ku Nyasaland pa mabwalo a udzu ndi fumbi.

Chinsinsi chake chili pa kulemera. Ndege imene ili ndi gudumu kumphuno, kulemera kwake kumakhala kutsogolo kwa magudumu aakulu, kotero kuti ikakhota pang'ono potera, kulemerako kumaikoka n'kuiwongola. Koma ya gudumu la kumchira, kulemera kwake kuli kumbuyo kwa magudumuwo, ndipo mchira ukangoyamba kupatukira kumbali, kulemerako kumaukankhabe kuti upitirire mphuno, monga momwe ngolo yokankhidwa chafutambuyo imapindikira mwadzidzidzi. Kukhotako kukamakula mphamvu yokhotetsa imakulanso, kufikira ndegeyo itazungulira ngati nguli, phiko n'kukhula pansi. Ngozi imeneyi oyendetsa amaitcha ground loop. Tsono mphepo ya m'mbali ndiyo imayambitsa mlandu, chifukwa imamenya chipsepse cha kumchira monga imachitira ndi mchira wa tambala, mphuno n'kutembenukira kumene mphepoyo ikuchokera; ndipo ikakhala yoomba modukizadukiza, mphamvu imene woyendetsa waponda nayo rudder (chiwongolero cha kumchira) mphindi ino imakhala itachuluka kapena kuchepa asanaphethire n'komwe.

N'chifukwa chake amapendeketsa ndodo yowongolera kuloza kumene kukuchokera mphepo, kuti phiko la mbali imeneyo litsike ndipo ndege isatengedwe cham'mbali, kwinaku phazi likuponda rudder ya mbali inayo kuti mphuno ilunjike pakati pa bwalo. Gudumu la kumphepo liyenera kugunda loyamba. Liwiro likamachepa, ndodo imapendekekabe kufikira pamapeto, ndipo mchira ukakhala pansi amaikokera pamimba kuti kagudumu kakumbuyo kalume nthaka. Mapazi sapuma konse.

Komabe anthu safuna kumva zimenezi. Ndege ikaterereka n'kulowa m'udzu, ena amati ndi mowa, ena amati adailodza, ena amati mizimu ya ku mathithi a Mosi-oa-Tunya yakwiya, chonsecho thumba lansalu losonyeza mphepo lili chiimire pamtengo pamaso pawo, likukupiza ndi kugwa, ndipo palibe mmodzi wolicheukira. Kunyoza kotereku kuli ndi choipa chake, pakuti wophunzira amene amaopa kusekedwa amakakamira kutera pamene akadayenera kuwonjezera moto n'kukwereranso kumwamba. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Woyendetsa wa tsiku lija adaimitsa kandege kake bwinobwino, natembenuza mphuno kuloza kumphepo, namanga mapiko onse awiri ndi mchira ku zikhomo asanapereke moni kwa munthu aliyense.