Intaneti ya pa Nyumba: Yesani Coyamba, Mulipire Pambuyo

Masiku ano tikaturuka m'mapemphero pali funso limene makolo amafunsana pa khomo la chalichi: kodi kwanu mumagwiritsa nchito intaneti ya kampani iti? Wina ali ndi mwana wa giledi 12 amene aphunzitsi amamutumizira nchito pa WhatsApp. Wina mwana wake ali ku UNZA kapena ku Evelyn Hone. Wina amagulitsa zovala pa Facebook, ndipo agogo ena afuna cabe kuona nkhope za adzukulu amene ali ku Johannesburg. Ndalama ya intaneti imacokera m'thumba lomwelo la unga, renti ndi mafizi, conco kusankha molakwika kumapweteka banja lonse.

Tiyambe ndi kunena poyera kuti palibe kampani imodzi imene imagwira bwino mu Lusaka monse. Imene akuitamanda ku Kabulonga ikhoza kukukhumudwitsani ku Chelstone, ndipo nthawi zina ngakhale nyumba ziwiri za mu msewu umodzi zimasiyana. Kampani yabwino ndi imene igwira m'nyumba mwanu, pa nthawi imene muifuna, pa mtengo umene mungakwanitse mwezi ndi mwezi.

Kumene tacokera

Intaneti inafika m'Zambia mu 1994, kudzera mu kampani ya ZAMNET imene inayambira pa yunivesite ya UNZA. Masiku amenewo inkadzera pa waya wa foni ya m'nyumba, ndipo inali ya anthu ocepa. Lero tili ndi MTN, Airtel, Zamtel ndi Zed Mobile. Palinso makampani monga Liquid ndi Paratus amene amadziwika ndi zingwe za faiba, ndipo Starlink inayamba kugwira nchito m'dziko lino mu October 2023.

Ambiri a ife tinazindikira kufunika kwake mu March 2020, pamene masukulu anatsekedwa cifukwa ca Covid-19 ndipo misonkhano ya mipingo inacepetsedwa. Kucokera nthawi imeneyo intaneti inalowa mu bajeti ya mabanja ambiri ndipo sinaturukemonso.

Njira zitatu zimene intaneti imafikira pa nyumba

Yoyamba ndi faiba. Ici ndi cingwe cokhala ndi ulusi wa galasi umene umanyamula uthenga ndi kuwala. Amacikumbira pansi kapena kucipacika pa mapolo mpaka cilowe m'nyumba. Ndiyo njira yokhazikika kwambiri, cifukwa liwiro lake silidalira mitambo kapena kutalika kwa nsanja ya netiweki. Vuto lake ndi lakuti siili paliponse. Kukumba msewu kumadya ndalama zambiri, motero makampani amayambira kumene ayembekezera makasitomala olipira, monga maofesi a m'tauni ca ku Cairo Road ndi nyumba za kumayadi. Ngakhale ku Woodlands kapena ku Kabulonga, musakhutire ndi mawu akuti "dera lanu tilimo." Apatseni nambala ya pulote yanu, abwere aone, akuuzeni ngati cingwe cimadutsa mu msewu wanu. Ngati mukhala pa renti, kambiranani ndi eni nyumba asanaboole cipupa. Dziwaninso kuti mukasamuka, cingwe cimatsala.

Yaciwiri ndi ya mlengalenga, yocokera ku nsanja za makampani a mafoni. Mumagula rauta kapena kacipangizo ka MiFi, n'kuikamo SIM. Ndiyo njira imene mabanja ambiri ali nayo, cifukwa siifuna kukumba ndipo mukasamuka mumanyamula. MTN inayambitsa 5G mu November 2022, Airtel n'kutsatira mu 2023, koma 5G siinafike pena paliponse, ndipo rauta ya 4G siingaigwire. Cofunika kumvetsa ndi ici: mphamvu ya nsanja imodzi imagawidwa kwa onse amene ali pansi pake. Zili ngati mpope wa madzi wa pa komboni. Usiku pakati umaturutsa mwamphamvu, koma m'mawa aliyense akatsegula umangodontha. N'cifukwa cake kumalo kumene anthu akhala mothinana, monga m'mafulati a ku Kabwata, intaneti ikhoza kuthamanga masana koma n'kumakwawa madzulo anthu akaweruka.

Yacitatu ndi ya satelaiti. Dishi ya Starlink imalumikizana ndi masatelaiti amene amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550 kucokera pansi. Imathandiza kwambiri ku mafamu ndi kumidzi kumene kulibe cingwe kapena nsanja. Koma zipangizo zake n'zodula pogula, dishi imafuna malo oonekera kumwamba popanda cochinga, ndipo mitengo ikuluikulu ya m'mayadi akale a ku Woodlands ndi Kabulonga ikhoza kuisokoneza. Mvula yamphamvu nayo imaicedwetsa. Nayonso ili ndi malire a anthu amene ingatumikire m'dera limodzi: kumapeto kwa 2024 inaleka kwa kanthawi kulandira makasitomala atsopano mu Lusaka cifukwa malo anadzaza.

Kodi manambala aja amatanthauzanji?

Pa zikwangwani timaona 10 Mbps, 20 Mbps, 50 Mbps. Limeneli ndi liwiro, ndiye kuti kukula kwa paipi. GB ndi kuculuka kwa data, ndiye kuti kukula kwa dramu. Munthu akhoza kukhala ndi paipi yaikulu koma dramu laling'ono, data n'kutha pa masiku atatu.

Ambiri amasokoneza Mb ya cilembo cacing'ono ndi MB ya cilembo cacikulu. MB imodzi ili ndi ma Mb 8. Conco pa liwiro la 10 Mbps, cinthu ca 1 GB cimatenga mphindi pafupifupi 13 kuti cilowe conse, ngati palibe wina amene akugwiritsa nchito.

Nanga banja lifunika liwiro lotani? Vidiyo imodzi yooneka bwino imafuna pafupifupi 5 Mbps. Msonkhano wa pa Zoom umafuna 2 kapena 3 Mbps. Mauthenga a WhatsApp ndi mobile money zimafuna zocepa kwambiri. Werengani zimene zimacitika nthawi imodzi madzulo. Ngati atate ali pa msonkhano, mwana akuphunzira pa YouTube, wina akuonera mpira, ndiye kuti 15 kapena 20 Mbps yeniyeni ikukwanirani. Kulipira 100 Mbps pa nyumba ya anthu atatu n'kugula basi kuti muzipita nayo ku msika.

Pali mawu awiri ofunika kusamala nawo. Oyamba ndi akuti "up to." Akalemba kuti up to 20 Mbps, akutanthauza kuti simudzapitirira 20. Sanalonjeze kuti mudzafikapo. Aciwiri ndi akuti "unlimited." Kawirikawiri pansi pake pamakhala lamulo lochedwa Fair Usage Policy, lonena kuti mukafika pa ma GB akuti-akuti, liwiro adzalitsitsa mpaka mwezi utathe. Funsani kuti malirewo ndi ma GB angati, ndiponso kuti mukawadutsa liwiro limatsala pa cani.

Yesani m'nyumba mwanu

Palibe wogulitsa amene angadziwe nyumba yanu kuposa inu. Musanagule rauta, citani izi. Bwerekani kapena gulani SIM ya kampani iliyonse imene mukuiganizira, muikemo bundle yaing'ono. Tsegulani Speedtest kapena fast.com pa foni. Yesani m'mawa, masana, ndipo makamaka pakati pa 19:00 ndi 22:00, pamene anthu ambiri ali pa intaneti. Bwerezani kwa masiku atatu kapena anayi, limodzi likhale la kumapeto kwa sabata, ndipo lembani zotsatira m'kabuku. Dziwani kuti kuyesako kumadyanso data, conco musacite mopitirira.

Yesani m'zipinda zosiyana. Zipupa za mabuloko a simenti ndi malata zimafooketsa netiweki. Nthawi zambiri kungosuntha rauta kucoka pansi pa TV n'kuiika pamwamba pafupi ndi windo kumasintha zinthu kuposa kusintha kampani. Marauta ambiri ali ndi Wi-Fi ya mitundu iwiri: ya 2.4 GHz imafika patali ndi kudutsa zipupa, ya 5 GHz imathamanga koma pafupi cabe. Musaisokoneze 5 GHz imeneyi ndi 5G ya makampani a mafoni, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Funsaninso aneba, makamaka a m'chigawo canu ca mapemphero a pakati pa sabata. Musangofunsa ngati imathamanga. Funsani kuti inaleka kugwira kangati mwezi watha, ndipo ataimba foni anabwera patapita masiku angati. Khalidwe la kampani limaoneka pa tsiku limene zinthu zaonongeka.

Musaiwale malaiti

Caka ca 2024 cinatiphunzitsa zambiri. Cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo pofika September m'madera ambiri malaiti ankabwera maola atatu cabe pa tsiku. Banja lolipira intaneti ya mwezi wathunthu linkaigwiritsa nchito maola owerengeka, cifukwa rauta yopanda malaiti ndi kabokosi wamba.

Rauta ya masiku onse imadya pafupifupi mawati 10, motero kabatire kaja kochedwa mini UPS kakhoza kuiyendetsa maola angapo. Wa faiba akumbukire kuti nthawi zambiri pamakhala zipangizo ziwiri zofuna malaiti, kabokosi kolowera cingwe ndi rauta. Dishi yaikulu ya Starlink imadya mawati pakati pa 50 ndi 100, ndiye imafuna invata kapena sola yokulirapo. MiFi ili ndi batire yakeyake. Koma nsanja nazo zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo malaiti akazima nthawi yaitali netiweki ya dera lonse ikhoza kufooka. Conco pa mayeso anu aja, yesaninso pa nthawi imene malaiti azima. M'nyengo ya mvula, zulani mapulagi kukacita ziphaliwali.

Werengerani mtengo wa caka conse

Mu Luka 14 Ambuye anapereka citsanzo ca munthu womanga nsanja, amene ayenera kuyamba waona ngati ndalama zake zidzafika kumapeto kwa nchito. Nzeru imeneyi igwiranso pano. Mitengo imasintha kawirikawiri, conco sitiilemba muno, koma kawerengedwe kake sikasintha. Phatikizani mtengo wa cipangizo, ndalama yoikira, malipiro a miyezi 12 ndi mtengo wa batire. Kenako yerekezani ndi zimene banja limaononga kale.

Ambiri sitidziwa zimene timaononga cifukwa timagula pang'onopang'ono. Tinene mwacitsanzo kuti m'nyumba muli mafoni anayi, ndipo aliyense amagula bundle ya K10 pa tsiku. Pa mwezi imeneyo ndi K1,200. Banja lotere likhoza kupulumutsa ndalama ndi rauta imodzi. Koma agogo okhala okha, amene amangoimbira ana pa WhatsApp, bundle ya mwezi pa foni iwakwanira, ndipo asakakamizidwe kugula zimene safuna.

Musanasaine, funsani izi ndipo mayankho akhale olembedwa. Kodi pangano ndi la miyezi ingati, ndipo ndikafuna kuleka ndilipira cani? Kodi rauta ndi yanga kapena ya kampani, ndipo ingalandire SIM ya kampani ina? Kodi data yotsala imapita ku mwezi wotsatira? Kodi intaneti ikaleka kwa masiku angapo mumabweza masikuwo?

Mawu kwa akulu a mpingo

Mipingo yambiri tsopano imaulutsa mapemphero pa Facebook kapena YouTube, kuti odwala, okalamba ndi abale a kunja asatsalire. Apa ife tomwe tinaphunzira movutikira. Pa chalichi cina tinasankha intaneti poona nambala yaikulu ya pa cikwangwani. Pakati pa sabata inkagwira bwino, koma pa Sondo ulaliki unkadukaduka, ndipo amayi ena odwala amene ankadikira kunyumba anangomva zidutswa. Tinali titayang'ana liwiro lolandirira, la download, pamene kuulutsa kumadalira liwiro lotumizira, la upload, limene nthawi zambiri limakhala locepa.

Kuti cithunzi cioneke bwino pamafunika upload yokhazikika ya 4 kapena 5 Mbps, ndipo ndi bwino kukhala ndi yoposerapo. Pa 4 Mbps, ola limodzi limadya pafupifupi 1.8 GB. Mapemphero a maola awiri pa Masondo anayi ndi ma GB pafupifupi 15, ndipo komiti ya zacuma iyenera kudziwa zimenezi. Yesani pa Sondo penipeni, chalichi citadzaza, cifukwa mafoni a akhristu nawo amakhala pa nsanja yomweyo. Pa nthawi youlutsa musagawe pasiwedi ya Wi-Fi, ndipo khalani ndi SIM ya kampani ina yodikirira.

Zinthu zikavuta

Yambani ndi kudandaula ku kampani yanu, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu. Sungani malisiti ndi zithunzi za mayeso a liwiro zoonetsa tsiku ndi nthawi. Ngati sakuthandizani, pitani ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti. Nambala yawo yaulere ndi 7070. Lankhulani mwaulemu koma mosaopa, pakuti mukufunsa cinthu cimene munalipira.

Pomaliza tipemphe acinyamata a m'mipingo yathu amene amadziwa zinthu izi. Sabata ino pitani kwa mayi wamasiye kapena kwa agogo a m'dera lanu, muwayesere netiweki, muwawerengere pangano asanasaine, muwaikire pasiwedi yolimba. Ndi nchito ya ola limodzi, koma ikhoza kusunga ndalama ya thumba la unga mwezi uliwonse.